Kawaya ka Siliva ka m'Botolo

Gulu: botolo langa likhale moyo
Alimo: Mchere, Sipanala, Alamu

LACHIWIRI

09:14 Mchere: ndiye mwamva nonse eti? Lachisanu kuyambira 9 mpaka 12 makina oyezera atipatsa ife. mpata wina kulibe. ma examiner anenetsa kuti popanda result ya cesium thesis yanga sailandira chaka chino

09:15 Alamu: ndamva chemwali. ndidakali ku field ndi ma students, ndibwera Lachinayi madzulo. woyeza ndine, iwe gona pa bedi lakolo monga akuuzira a dokotala

09:16 Mchere: kugona ndatopa nako. mimba miyezi 8, BP ikungokwera, chipatala chonse chandiloweza dzina

09:17 Sipanala: nanga ine mwandiikiranji mu group ya anthu ophunzira? ndine mwamuna wake chabe, wamagetsi a galimoto

09:18 Mchere: ntchito yako ndi botolo lili pamwamba pa wadirobu. muli ka electrode kanga, kagalasi kaja kooneka ngati cholembera. Lachisanu mmawa ukawapatse alamu akowa ku lab. basi

09:18 Sipanala: unakabweretseranji kunyumba

09:19 Mchere: ku lab akupenta. amisiri anaswa kale ma beaker, ndikanakasiya bwenzi pano ndikulira

09:21 Alamu: alamu mukasamale ngati dzira. yogula ilipo koma ndi yonenepa, silowa mu cell yathu, kabotolo koyezeramo kaja. kameneka anakaumba okha aphunzitsi ake, Madam Prof, manja awo asanayambe kunjenjemera. kena kotero kulibe

09:22 Sipanala: dzira lafika kwa tambala wodziwa ntchito

09:22 Mchere: tambala safungatira. ungoona kuti madzi asaume m'botolomo

09:23 Sipanala: za madzi usandiphunzitse Mchere wanga, mabatire ndi moyo wanga. amayi ali pompo?

09:24 Mchere: ali pano akundiyang'anira ngati mkaidi. akuti ubweretse pilo wina, wa kunoyu ndi njerwa

13:05 Sipanala: ndakupangira surprise

13:05 Sipanala: [chithunzi: botolo lotsukidwa bwino lili pa tebulo, madzi ake oyera mbee]

13:06 Sipanala: chivundikiro chinadzaza zoyera zoyera zija zimamera pa terminal ya batire. ndatsuka ndi madzi otentha. madzi akale ndataya, pansi panali nsenga. ndathira a batire atsopano, distilled weniweni wa ku shop kwanga

13:07 Sipanala: [chithunzi: kawaya konyezimira kali pa chikhatho chakuda ndi oyilo]

13:08 Sipanala: ndiye nditachotsa karabala ndapeza waya wa mkatimo wachita dzimbiri, wakuda bii. anthu a PhD simusamala zida zanu kkkk. ndaupala ndi sandpaper ya fine. taona mmene ukuwalira

13:21 Sipanala: waona?

13:40 Sipanala: ma blue tick ndikuwaona iwe

13:52 Alamu: alamu

13:52 Alamu: alamu mwatani

13:53 Sipanala: ndatsuka. bwnj kodi

14:31 Mchere: Bambo, zikomo kwambiri pa ntchito imene mwagwira.

14:31 Sipanala: ndasanduka bambo liti? ndalakwa chani

14:32 Sipanala: [foni yosayankhidwa]

14:36 Alamu: khalani pansi ndikuuzeni. chakuda chija sichinali dzimbiri. ndi silver chloride, chovala chimene amachita kuuveka waya dala. zoyera za pa chivundikiro ndi nsenga zija ndi mchere wa potassium chloride, uyenera kukhalamo wambiri

14:37 Alamu: chovala chija chikakhala mu mchere umenewo voltage ya waya siyenda, imangokhala pamodzimodzi chaka ndi chaka. ma voltage ena onse timayeza poyerekeza ndi iyo

14:39 Sipanala: ngati earth ya galimoto?

14:39 Alamu: ndendende

14:40 Sipanala: ndiye ndadula earth

14:40 Alamu: mwadula earth ya thesis yonse alamu

14:41 Sipanala: mayo ine

14:58 Mchere: [uthenga wa mawu 0:51]
"Ukudziwa, za madzi sindikanadandaula, mchere wina ndili nawo. Koma waya uja anauveka ndi Madam Prof, sabata yoyamba imene ndinafika ku lab ndisakudziwa ngakhale kugwira pipette. Anandikhazika pa stool kuti ndizionerera, tinakhala masana onse waya ukuda pang'onopang'ono. Atatha anati mwana wanga, ichi chisadzaume. Zaka zinayi sichinaume. Lero mayi aja sangathe ngakhale kumanga batani la bulauzi, ndiye iwe wabwera ndi sandpaper. Zandiwawa, sindikubisira. Zandiwawa kwambiri."

14:59 Sipanala: Mchere wanga pepa

15:00 Sipanala: ndimafuna ukangotsegula foni useke

15:00 Sipanala: [foni yosayankhidwa]

15:12 Mchere: Ndine apongozi anu. Foni ndalanda. Anesi ayeza apeza zakwera. Madzulo ano musabwere, mubwere mawa. Pilo musaiwale.

15:13 Sipanala: chabwino amayi. mumuuze kuti ndapepesa

15:44 Sipanala: alamu, chinthu chimenechi chimavekedwanso?

16:20 Alamu: network kuno ndi ya mwayi. chimavekedwa. koma chikavala chimafuna kugona mu mchere usiku wonse kuti chikhazikike, ndiye kudikira ine tichedwa. ndiponso amene anaonerera Prof akupanga ndi mkazi wanu, osati ine

16:21 Sipanala: sakundilankhula

16:22 Alamu: adzalankhula. anakulankhulani mutalumikiza fridge ku switch ya geyser, ichi nchiyani

LACHITATU

07:31 Sipanala: wadzuka bwnj mayi wa nyumba

07:33 Sipanala: shop sinditsegula lero. wa minibus uja ndamuuza kuti alternator yake adikire

07:34 Sipanala: ndili pa tebulo ndi multimeter, ndasamba m'manja, ndikudikira malamulo

08:47 Mchere: amayi andibwezera foni ndalumbira kuti sindikwiya

08:47 Mchere: ndadzuka. mwana wako wandimenya mateche usiku wonse, akuoneka kuti ali mbali yako

08:48 Sipanala: loya wanga ameneyo

08:49 Mchere: usandiseketse ndidakakwiya. tsegula wadirobu, kuseri kwa nsapato zanga za ukwati kuli botolo la pulasitiki lolembedwa KCl. ndi madzi a mchere uja

08:53 Sipanala: ndalipeza. lili ndi zoyera pa chivundikiro

08:53 Mchere: ZISIYE

08:53 Sipanala: sindinakhudze

08:55 Mchere: thira mu tambula yagalasi yoyera, theka. upeze batire la tochi limodzi, la 1.5, ndi pensulo. uisongole mpaka mtima wake wakuda utuluke wautali ngati chala

08:56 Sipanala: pensulo? sayansi yanuyi ndi ya ku pulaimale

08:58 Mchere: siliva ku plus, mtima wa pensulo ku minus, zonse ziwiri m'madzimo koma zisagundane. chloride ali ndi negative, ndiye athamangira ku plus. akafika pa siliva sachokanso, amamanga banja pompo. chovala chija ndi banja limenelo

08:59 Sipanala: ndiye ine dzulo ndinathetsa banja la eni ake

08:59 Mchere: lathu linatsala pang'ono

09:01 Mchere: koma moto ukhale wochepa kwambiri. ukachuluka chovala chimatuluka chofewa, chimasupuka. Prof ankati theka la milliamp

09:02 Sipanala: slow charge. apo wafika kwathu. ndiika resistor pakati, meter ikhale mu mzere ndiziona

09:26 Sipanala: [chithunzi: tambula, batire la tochi lomatidwa ndi tepi, mawaya awiri ofiira ndi akuda, meter ikuonetsa 0.48]

09:27 Sipanala: pa pensulo pakutuluka tithovu

09:27 Mchere: ndi hydrogen, ndi bwino. zisiye choncho ola lathunthu. usagwedeze tebulo

09:28 Sipanala: ndasiya ndi kupuma komwe

10:34 Sipanala: [chithunzi: kawaya kotuwa mbali zina, mbali zina kakuwalabe]

10:34 Sipanala: sizinakhale bho eti

10:36 Mchere: kkkkkk

10:36 Mchere: mawanga ngati nkhanga

10:37 Mchere: unaugwira ndi zala?

10:37 Sipanala: nanga ndikanaugwira ndi mano? ndinasamba kawiri ndi sopo

10:39 Mchere: zala zako zimenezo oyilo analowa mpaka m'magazi. tsiku la ukwati mphete inachita kutsetsereka yokha. pamene pali mafuta madzi safika pa chitsulo, ndiye chloride afika bwanji

10:40 Sipanala: ndiye titani

10:41 Mchere: upalenso ndi sandpaper. ntchito imene umaidziwa bwino ija

10:41 Sipanala: ndalandira, ndi yanga imeneyo

10:43 Mchere: koma osati pano. ubwere pa visiting, ndikupemphera magolovesi kwa anesi. pobwerera ugule spirit, uutsuke, kenako madzi ako a batire aja. apo ndiye pamene amagwira ntchito

10:44 Sipanala: madzi anga apeza ulemu

10:44 Mchere: pilo

14:10 Sipanala: ndafika kunyumba. mapazi ako atupa kuposa dzana, sunandiuze bwanji

14:12 Mchere: ndikanakuuza ukanawapala

14:12 Sipanala: ndikunena zenizeni

14:15 Mchere: a dokotala akudziwa. akuti tione mpaka weekend. ukadandaula iwe ndidandaulanso ine, ndiye makina a pamkonowa ayamba kulira, amayi alandanso foni

14:16 Sipanala: ok. amayi sanandiyankhe moni bwinobwino

14:17 Mchere: akuti mkamwini wolizitsa mwana wawo chifukwa cha waya sanamuonepo. koma pilo amukonda, agonera iwowo

15:02 Sipanala: ndapala, ndatsuka, ndavala magolovesi. ndikuoneka ngati ndikukachita opaleshoni

15:03 Mchere: lero usayambe, dzuwa lapendeka ndipo iwe ukatopa umafulumira. uuike mu madzi a batire ugone. mawa mmawa

15:03 Sipanala: nthawi ikwana?

15:05 Mchere: ikwana ngati mawa sulakwitsa. ukalakwitsa mawa basi, graduation ndi ya chaka chamawa, ndipo mwana ali pamsana sindikudziwa ngati ndidzabwererenso ku lab. ambiri anati adzabwerera

15:06 Sipanala: sindilakwitsa

18:22 Alamu: ndangoona zonse. nkhanga ija ndaisunga, ndidzaionetsa pa phwando la graduation

LACHINAYI

07:48 Sipanala: zayamba. 0.45. ndatsitsa pang'ono, ndiusiya maola awiri

07:49 Mchere: wapitirira malamulo

07:50 Sipanala: batire lochajidwa mofatsa limakhalitsa. apa ndikhulupirire

07:50 Mchere: chabwino bwana

08:05 Sipanala: poti ndangokhala kuyang'ana tambula, tandiuza. cesium ameneyu ndi ndani kuti atisowetse mtendere chonchi? anthu ku shop akandifunsa ndimangoti akazi anga amaphunzira mchere

08:06 Mchere: zaka zinayi ukufunsa lero

08:06 Sipanala: ndinkaopa kuti undiyankha mu chizungu

08:14 Mchere: [uthenga wa mawu 1:58]
"Tamvera ndiye. Ukaviika chitsulo m'madzi a mchere n'kuchipatsa moto, tizidutswa ta mcherewo, ma ion, amabwera kudzandanda pakhungu pa chitsulocho. Kamzere kake n'kochepa, diso silingaone, koma zonse zimene batire lako limachita zimachitikira pamenepo, osati pakati pa madzi. Ine chitsulo changa ndi golide. Funso langa ndi lakuti, kodi amene waima pamzerewo akasintha, khungulo limasinthanso? Ma ion amene ndimayeza alipo anayi. Taganiza windo la mankhwala la kuno. Lithium ndi kamayi kakang'ono, koma sikayenda kokha, kamabwera katazunguliridwa ndi madzi ngati wodwala wa bedi lachitatu uyu, azakhali, alamu, apongozi, aliyense ndi chikwama. Kameneko sikangafike pawindo, kamaimira patali. Sodium abale ake ndi ochepako, potassium ochepanso. Cesium ndi chibambo chachikulu koma chimabwera chokha, chikwama chimodzi, abale chimawasiya pakhomo, ndiye chimatsamira pawindo penipeni. Amene wayandikira kwambiri amachititsa khungulo kusunga moto wambiri. Atatu enawo ndinawayeza bwinobwino. Cesium ndinamuyeza kamodzi, ndiye ma examiner akuti kamodzi ndi mphekesera. Anesi abwera, dikira."

08:17 Sipanala: ndiye zaka zonsezi umayeza mzere wa pa windo

08:31 Mchere: eya. ndipo chloride ndi uja wodumpha mzere. amakonda golide koopsa, akangodontha pang'ono mu cell amakankha onse n'kukhala yekha pawindo. ka electrode ka Prof kali ndi kamlomo kakang'ono, sikadontha. nchifukwa chake ndimakakakamira

08:32 Sipanala: ndamva tsopano. mawa ndikawafotokozera anyamata ku garage, aona ngati ndinapita ku college

08:33 Sipanala: anesi akuti bwnj

08:40 Mchere: akuti ndichepetse kulankhula

09:55 Sipanala: [chithunzi: kawaya kagwiridwa ndi zala za magolovesi, konse kotuwa modera, kopanda banga]

09:55 Sipanala: ndikuopa kufunsa

10:09 Sipanala: Mchere

10:18 Mchere: ndinalira pang'ono, amayi anatuluka ndiye ndinapezerapo mwayi

10:18 Sipanala: zalakwikanso?

10:19 Mchere: ayi. mtundu wake ndi womwe uja. ndi mmene unkaonekera tsiku lija pa stool

10:20 Mchere: galasi ndi la Prof, chovala ndi chako. ndizivomereza pang'onopang'ono

10:20 Sipanala: ndikhala pansi kaye

10:24 Mchere: usanakhale. dzaza kagalasiko ndi KCl, ubweze waya, utseke karabala. mukatsala kathovu ukagogode ndi chala ngati mmene anesi amachitira ndi jakisoni. kenako m'botolo, KCl yemweyo, pamwamba pa wadirobu. distilled wako akhale ku shop

10:41 Sipanala: zatheka. kathovu kanalimo kamodzi kamakani, katuluka

10:42 Alamu: ndili m'basi. mawa 8 koloko pa gate ya lab alamu. mubwere ndi meter yanu, tikaviika kanu ndi yogula ija mu beaker imodzi. zikasiyana ndi ma millivolt osapitirira 5 ndiye kali moyo. zikaposa apo sindiyatsa nkomwe makina

10:43 Sipanala: mayeso a ine amenewo

10:43 Alamu: muvale malaya oyera

17:35 Sipanala: lero amayi andipatsa mpando

17:36 Mchere: ndinawaonetsa chithunzi. sanamve kanthu koma anaona kuti ndaseka

17:37 Sipanala: a dokotala aja anakuitanira chani pambali pamene ndimatuluka

17:52 Mchere: za masiku onse. kadye, usagone ndi njala

LACHISANU

06:41 Mchere: wadzuka?

06:42 Sipanala: kalekale. botolo ndalikulunga mu thaulo, lili mu kabokosi ka ma spark plug, liyenda choimirira pa miyendo yanga

06:43 Mchere: upite straight ku lab, usadutsire kuno. sakulowetsa mmawa

06:43 Sipanala: ndikudziwa, 12 ndili pompo ndi nkhani yabwino

06:50 Mchere: Sipanala

06:50 Sipanala: ee

06:51 Mchere: ndimakukonda. ndi sandpaper yako yomwe

06:52 Sipanala: mmawa uno? wadya chani

06:52 Mchere: sindinadye kanthu. pita uchedwa

07:56 Sipanala: ndafika. alamu akubwera apo ndi zikwama ngati lithium

08:12 Alamu: taviika. chemwali penya

08:12 Alamu: [chithunzi: beaker, ma electrode awiri, meter yakale yomatidwa tepi ikuonetsa 11.2]

08:13 Sipanala: 11. ndafa ine

08:13 Alamu: dikirani, kabwera m'thaulo kakutentha. kazizire kaye

08:21 Sipanala: 8

08:29 Sipanala: 5.6 ikutsika. Mchere ukuona?

08:38 Sipanala: 3.1

08:44 Sipanala: 3.0 yaima. alamu akuti yaima. sikuyendanso

08:44 Alamu: kali moyo chemwali. mwamuna wako akuvina mu corridor, a security akumuyang'ana

08:45 Sipanala: ndakhoza mayeso, ndiyankhe

08:53 Sipanala: tick imodzi yokha. foni yathima?

08:58 Sipanala: [foni yosayankhidwa]

09:03 Alamu: ndalowa, ndayatsa makina. mwina akumuyeza alamu, musade nkhawa

09:04 Sipanala: [foni yosayankhidwa]

09:11 Sipanala: ya amayi nayonso sikupezeka

09:12 Sipanala: anati sanadye kanthu

09:12 Sipanala: alamu munthu amamukaniza kudya chifukwa chani

09:19 Mchere: Ndine apongozi anu. Alowa naye ku theatre. A dokotala ananena dzulo kuti mwana atuluke lero, kudikira kwaopsa. Anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni mpaka botolo lifike. Ndaona lafika. Bwerani mwana wanga.

09:19 Sipanala: ndikubwera amayi

09:20 Alamu: thamangani. meter ndikusungirani

10:07 Alamu: run yoyamba yatha, mzere wosalala. sindikudziwa kuti ndikulembera ndani koma ndilemba

10:48 Alamu: yachiwiri yagona pamwamba pa yoyamba

10:49 Alamu: alamu kuli bwnj

11:31 Alamu: [chithunzi: sikirini ya kompyuta, mizere inayi yopindika, umodzi uli pamwamba pa inzake]

11:32 Alamu: yachitatu. wapamwambayo ndi cesium, watsamira pawindo monga unanenera. si mphekesera tsopano. ndasunga mu flash ziwiri

11:33 Alamu: chemwali dzuka uzione pls

11:58 Alamu: alamu ngakhale liwu limodzi

12:26 Alamu: ndatseka lab ndikubwera konko

12:51 Sipanala: mtsikana

12:52 Sipanala: pepani alamu ndachedwa kuyankha. wamng'ono kwambiri, makilo 1.9, amutengera ku nursery. analira koma, ndamumva ndekha

12:52 Alamu: mayi ake?

12:54 Sipanala: anataya magazi ambiri koma akuti zakhazikika. sanadzuke bwinobwino. amayi ali naye, ine andithamangitsa mu ward

12:55 Alamu: Mulungu ndi wabwino. ndikulira mu minibus anthu akundiyang'ana

12:56 Sipanala: anadziwa kuyambira dzulo. anandituma ku lab akudziwa

12:57 Alamu: mukamukalipire akachira, ndikuthandizani

16:38 Mchere: ndadzuka

16:38 Sipanala: iwe

16:39 Sipanala: iwe mkazi iwe

16:39 Sipanala: ndili ndi mawu ambiri koma ndiwasunga

16:41 Mchere: sunga. ukanadziwa ukanabwera kuno kudzangoima pa khomo, botolo likanatsala pa wadirobu. ndiye tikanataya zonse ziwiri, mtendere wako ndi chaka changa

16:42 Sipanala: chaka ndi chani poyerekeza ndi iwe

16:44 Mchere: ndikudziwa. ndinkaopa, ndiye ndinafuna chinthu chimodzi chokha chiziyenda bwino kunjako pamene akundigoneka

16:45 Mchere: ndaona 3.0. ndaona mizere. chemwali zkm, ndidzakuthokoza ndi pakamwa, pano ndilibe mphamvu

16:45 Alamu: ndili panja ndi amayi, akundiuza kuti mkamwini wawo ndi injiniya

16:47 Mchere: andikaniza kudzuka mpaka mawa. sindinamuone bwinobwino, anangondionetsa kaphazi. uli kuti

16:47 Sipanala: ku nursery. andiveka gauni ndi chipewa, andisambitsa m'manja katatu, anesi anaona zala zanga anapukusa mutu

16:48 Mchere: ndionetse

16:50 Sipanala: [chithunzi: kamwana kagona m'bokosi lagalasi, katavala chipewa choluka, pachifuwa pali tizomata titatu tokhala ndi mawaya]

16:50 Sipanala: mphuno ndi yako. makani aja a mateche ndi anga

16:56 Mchere: wakongola

16:56 Mchere: pandikira pang'ono, ndione tizala

16:58 Sipanala: [chithunzi: kadzanja kafumbata nsonga ya chala chachikulu chokhala ndi mizere yakuda]

16:59 Sipanala: mawayawa asakuopse, akuti ndi omvera mtima basi. ukugunda bwino, ndikuuona pa sikirini

17:01 Sipanala: kamodzi kanamatuka anesi asintha. ndinasuzumira kunsi kwake, kuli ka jelly ndi kachitsulo kotuwa. kakuoneka ngati kachita dzimbiri

17:03 Mchere: si dzimbiri. ndi silver chloride, chovala chomwe chija. jelly ndi mchere. ma ion a m'thupi mwake akafika pamenepo ndi pamene makina amamva

17:04 Sipanala: ndiye kamtima ka mwana wanga kakudutsa pa zomwe ndinapala zija

17:04 Mchere: ee

17:05 Sipanala: ndaima patali

17:06 Mchere: usaime patali, chala chimenecho usamulande

17:06 Mchere: koma dzanja linalo m'thumba bambo ake. usatsuke kalikonse